Ndege yankhondo amayamba aiyesa maso isanauluke

Adani akaponya mzinga wotsata kutentha kwa injini, woyendetsa ndege yankhondo amakhala ndi masekondi owerengeka chabe kuti adzipulumutse. Amadalira makamera a infrared, omwe amaona kutentha kwa zinthu ngakhale mumdima wandiweyani. Ndege ya F-35 ya ku America ili ndi makamera otere 6 oyang'ana mbali zonse.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti makamerawo akuona bwino? Kuombera ndege yeniyeni pofuna kuyesa n'kutaya ndalama ndi moyo womwe.

N'chifukwa chake amawapusitsa makamerawo akadali pansi. Kampani ya Santa Barbara Infrared ku California imapanga makina otchedwa MIRAGE, okhala ndi tizidutswa ting'onoting'ono toposa 260,000. Kompyuta imatenthetsa kachidutswa kalikonse pakokhapakokha mpaka kutuluka chithunzi cha kutentha: mitambo, mapiri ndi mzinga ukubwera. Kwa kamerayo, zonsezi zimaoneka ngati zenizeni.

Ikachedwa kuuona mzingawo, kapena ikasokonezeka ndi kunyezimira kwa dzuwa pamadzi n'kuchenjeza pachabe, akatswiri amakonza vutolo woyendetsa ndege asanaike moyo wake pachiswe.