Mpikisano wa Kabokosi ka Rubik

Inu ocokera ku Petauke ndi ku Nyimba mudziwa kuti katswiri wa nsolo sathamangira kutola miyala. Ayamba wawerenga maenje mumtima. Lero tikambe za masewera ena ofuna nzeru yomweyo.

Mu 1974 mphunzitsi wa ku Hungary, Ernő Rubik, anapanga kabokosi ka mbali zisanu ndi imodzi, mbali iri yonse ndi mtundu wace, yogawika m'timagawo tisanu ndi tinai. Munthu amakapotokola kufikira mitundu isokonezeke. Nchito ndiyo kuibwezera m'malo mwace.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse unacitika ku Budapest mu 1982. Anadza anthu a maiko 19, ndipo Minh Thai wa ku America anapambana ndi masekondi 22.95. Mu 2023, pa mpikisano wina ku California, Max Park anatsiriza m'masekondi 3.13 cabe.

Kodi cinsinsi cace nciani? Lamulo lipatsa wopikisana masekondi 15 oti ayang'ane kabokosiko asanayambe kupotokola. Apo ndipo pagona nkhani: maso aoneratu njira, zala zingotsata.

Cotero mwana wanu akakhala cete ndi kabokosi kotere, musamuyese waulesi ai. Ali kunola mutu, monga acitira ambuye ace pa nsolo.