Kodi Galimoto Yamagetsi Yotchaja Mwamsanga Iri ndi Phindu kwa Wogula?

M'mwezi wa March chaka cha 2025, kampani ya BYD ya ku China inaonetsa magalimoto ake awiri, Han L ndi Tang L, ndipo inalengeza kuti m'mphindi 5 zokha magalimotowa akhoza kulandira magetsi okwanira ulendo wa makilomita 400. Nthawi imeneyi siisiyana kwenikweni ndi imene munthu amataya pothira petulo. Mbiriyi yakulitsa funso limene ogula magalimoto amagetsi ku Ulaya, ku America ndi ku Asia akhala nalo kwa zaka zingapo, lakuti: kodi n'koyenera kuonjezera ndalama pofuna galimoto ya ma volt 800, pamene ya ma volt 400 iripo, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wocheperapo? Funsoli si laling'ono, pakuti kwa mphunzitsi kapena kalaliki wa boma, galimoto ndi chuma chimene amachisonkhanitsira ndalama zaka zambiri.

Chifukwa Chokwezera Ma Volt

Magetsi oyenda m'waya angafanizidwe ndi madzi oyenda m'paipi. Ma volt ndiwo mphamvu yokankha madziwo, ndipo ma ampere ndiwo kuchuluka kwa madzi opyolamo. Pochulukitsa ziwirizi timapeza ma watt, amene amasonyeza liwiro limene batire likudzadzidwira. Tsono chovuta chiri pa ma ampere, pakuti ndiwo amatenthetsa waya, ndipo akachuluka kawiri kutenthako kumachuluka kanayi.

Nthambo zambiri za m'malo otchajira mwamsanga zimanyamula ma ampere osapitirira 500. Galimoto ya ma volt 400 ikalandira ma ampere 500 imapeza ma kilowatt 200, koma ya ma volt 800 ikhoza kupeza ma kilowatt 400 pa nthambo yomweyo. Kotero opanga magalimoto anaona kuti n'kwanzeru kukweza ma volt m'malo monenepetsa mawaya amkuwa, amene ndi olemera ndiponso okwera mtengo. Nzeru yake ndi yomwe ija imene inachititsa kuti mawaya aakulu ochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma, amene anamalizidwa mu 2018, azinyamula ma volt 400,000, pamene m'nyumba mumafika ma volt 230 okha.

Zimene Zaoneka Kale

Galimoto yoyamba ya ma volt 800 kugulitsidwa kwa anthu ambiri inali Porsche Taycan, m'chaka cha 2019. Inkalandira ma kilowatt 270, ndipo batire lake linkachoka pa magawo 5 kufika pa magawo 80 mwa magawo 100 m'mphindi 22 ndi theka. Koma imeneyo inali galimoto ya anthu achuma. M'chaka cha 2021 kampani ya Hyundai ya ku South Korea inatulutsa Ioniq 5, ndipo inzake ya Kia inatulutsa EV6, pa mtengo umene mabanja ambiri a ku Ulaya akanatha kuufikira. Magalimotowa ankachoka pa magawo 10 kufika pa magawo 80 m'mphindi 18, akalumikizidwa ku makina a ma kilowatt 350.

Komabe kampani ya Tesla inasunga ma volt a m'gulu la 400 m'magalimoto ake ogulidwa kwambiri, Model 3 ndi Model Y. Makina ake a Supercharger amene inayamba kuika mu 2019 amapereka ma kilowatt 250 mwa kuchulukitsa ma ampere, ndipo ntchito yomweyo imatha m'theka la ola kapena kucheperapo pang'ono. Motero kusiyana kwa mitundu iwiriyi pa malo amodzi oimapo ndi mphindi 10 kapena 12, nthawi yongokwanira kumwa tiyi.

Zimene Otsatsa Malonda Satchula

Mphindi 18 zija sizipezeka paliponse ayi. Choyamba, pafunika makina otha kupereka ma volt 800. Ku Ulaya kampani ya Ionity, imene inakhazikitsidwa mu 2017 ndi BMW, Ford, Daimler ndi Volkswagen, inaika makina a ma kilowatt 350 m'misewu ikuluikulu, koma m'matauni ang'onoang'ono mukadali makina akale a ma kilowatt 50. Galimoto yaliwiro ikafika pa makina otere imadikira monga inzake iriyonse. Taycan yoyamba ija, ikalumikizidwa ku makina a ma volt 400, inkangolandira ma kilowatt 50, pokhapokha mwini wake atalipira chipangizo chapadera chokwezera mpaka 150. Ku America nakonso, eni Ioniq 5 ataloledwa kutchajira pa ma Supercharger a Tesla, anapeza kuti ntchito ya mphindi 20 ikutenga pafupifupi theka la ola.

Chachiwiri, batire liri ndi khalidwe lake. Likazizira silifuna kulandira magetsi ambiri, kotero kuti m'nyengo yachisanu ya ku Norway kapena ku Germany galimoto iyenera kuyamba yalitenthetsa isanafike pa malo otchajira. Likadzaza kupitirira magawo 80, liwiro limatsika kwambiri poteteza batirelo kuti lisaonongeke. N'chifukwa chake opanga amatchula magawo 80, osati 100.

Chachitatu ndi mtengo wa magetsiwo. Makina aakulu amadya ndalama zambiri poika, ndipo eni ake amabweza ndalamazo kwa otchaja. Ku Britain ngakhale msonkho ndi wosiyana, pakuti magetsi a pamsewu anawaikira msonkho wa VAT wa magawo 20 mwa 100, pamene a m'nyumba anawaikira magawo 5 okha.

Wopindula Ndani?

Masamu ake ndi osavuta. Galimoto ya batire la ma kilowatt-hour 70 imafuna ma kilowatt-hour 49 kuti ichoke pa magawo 10 kufika pa 80. Makina a pakhomo a ma kilowatt 7 amamaliza ntchitoyi m'maola ngati 7, mwini wake ali mtulo, ndipo pamenepo ma volt 400 ndi ma volt 800 sasiyana konse. Munthu wopita kuntchito m'mawa nabwerera madzulo, amene ali ndi potchajira pakhomo, angathe chaka chonse atagwiritsa ntchito makina aliwiro kangapo kokha. Kwa iyeyo ndalama yoonjezera ikanapindula kwambiri ikanagula batire lokulirapo, kapena ikanakhala m'thumba.

Nkhani isiyana kwa woyendetsa takisi, kwa woyendera masukulu akutali, ndi kwa wokhala m'nyumba zosanja amene alibe potchajira pake. Munthu woima katatu paulendo umodzi amapulumutsa theka la ola, ndipo ngati ulendowo ndi wa mlungu uliwonse, pakutha pa chaka wapulumutsa maola oposa 25. Kwa woteroyo ma volt 800 ndi chida cha ntchito, malinga ngati m'njira imene amayendamo muli makina oyenera.

Akulu anati safunsa anadya phula. Wogula wanzeru, asanakopeke ndi manambala olembedwa pa chikalata cha malonda, ayambe wawerenga maulendo aatali amene anayenda chaka chatha, kenaka afufuze makina amene ali m'njira zimenezo, ndiponso afunse wogulitsa mphindi zimene galimotoyo imatenga pa makina a ma volt 400. Ngati magalimoto awiri ali pa mtengo wofanana, ya ma volt 800 ndiyo yabwino kusankha, pakuti makina aakulu akunka nachuluka chaka ndi chaka. Koma ngati kusiyana kwa mtengo kuli kwakukulu, ndipo galimotoyo izigona pakhomo usiku uliwonse, ya ma volt 400 imukwanira.