Zikalata za maloya nazo zimakalamba

Mu ofesi ya loya ku Springfield, dera la mafakitale ndi mabizinesi m'mbali mwa mtsinje wa uMngeni ku Durban, pangano la lendi kapena pepala lopita kukhoti salilemba kuchokera pachiyambi. Mlembi amatsegula chikalata chokonzeratu mu Microsoft Word, n'kusintha dzina, deti ndi ndalama. Vuto n'lakuti kunja zinthu zimasintha chikalatacho chili duu. Msewu wa Smith Street unasanduka Anton Lembede Street. Pa 1 Novembala 2018 lamulo la Legal Practice Act linalowa m'malo mwa Attorneys Act la 1979, ndipo Legal Practice Council inatenga ntchito ya mabungwe akale a maloya. Kuyambira pa 1 Julayi 2021, lamulo la POPIA likulanga osasamala zinsinsi za anthu, chonsecho ofesi yokopera pepala la kasitomala wadzulo imatha kusiya nambala yake ya pasipoti m'chikalata cha Mmalawi amene wabwera lero.

N'chifukwa chake ndikuti ofesi izisunga chikalata chimodzi choyambira pa ntchito iliyonse, chopanda dzina la munthu, chosonyeza deti lomwe chinakonzedwa, ndipo wochisintha akhale loya mmodzi. Ena amati zimenezi zimadya nthawi imene kasitomala salipira. N'zoona, koma kukonza malo amodzi n'kotchipa kusiyana n'kusakasaka cholakwa m'kompyuta iliyonse. Ena amaopa kuti loya achita ulesi woganiza. Mantha amenewa ndimawamva, pakuti mlandu uliwonse uli ndi zakezake. Komatu ulesiwo umakula kwambiri pokopera pepala lakale, pomwe mipata yonse imaoneka ngati yadzazidwa kale.