Tsinde la Mtengo wa Abambo Linasuntha

Chaka cha 2002 chisanafike, wofufuza mzere wa abambo kudzera mu DNA ankachita kugwira mutu. Chiyambi chake si chovuta ayi. Kromozomu Y imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna yekha, ndipo imasintha mwa apo ndi apo, moti amuna awiri akakhala ndi kachizindikiro kofanana ndiye kuti kumbuyoko anali ndi gogo mmodzi. Kwa ife ozolowera za mbumba tisasokoneze: malume anu, ngakhale ndiwo eni mbumba, Y yawo si yanu.

Chipwirikiti chinali pa mayina. Labotale iliyonse inkatchula nthambi za mtengowu momwe yafunira, ndipo njira zotchulira zinafika 7. Nthambi imodzimodzi yofala kumadzulo kwa Ulaya, awa ati Hg1, awo ati Eu18. Mu 2002 asayansi a Y Chromosome Consortium anagwirizana chimodzi: malembo A mpaka R, nthambi 153. Anthu anati basi, zatheka. Zatheka kuti! Nthambi yatsopano ikangopezeka pakati, mayina a zonse za m'munsi mwake ankasintha. Amuna a chizindikiro cha M269 anatchedwapo R1b1c, kenako R1b1b2, kenakonso R1b1a2. Munthu yemweyo, malovu omwewo, dzina likusinthasintha ngati la wothawa ngongole.

Anakonza zinthu ndi anthu wamba, ndipo apa mpomwe nkhaniyi imandikomera. Kampani ya FamilyTreeDNA, yomwe Bennett Greenspan anayambitsa ku Houston mu 2000, inalola oyezetsa kupanga magulu pa intaneti: a dzina limodzi la banja, a dera limodzi, a nthambi imodzi. Oyendetsa maguluwa salandira ngakhale khobidi. Ntchito yawo ndi tebulo. Mwamuna aliyense ali ndi mzere wake: nambala ya zoyezera, dzina la kholo lakale lomwe banja likulidziwa, kenako manambala mbwee kulowera kumanja. Ofanana amawaika pamodzi n'kuwapaka mtundu umodzi, ndipo wosiyana ndi anzake amaonekera patali. Mu 2005 odzipereka oterewa anakhazikitsa bungwe la ISOGG, lomwe chaka chotsatira linayamba kusunga mtengo umodzi woti aliyense aziwerenga. Mayina ataliatali aja ambiri anawasiya, lero amangoti R-M269. Pa webusayiti ya WikiTree, yomwe Chris Whitten anatsegula mu 2008, kholo lililonse lili ndi tsamba limodzi lokha, ndipo mdzukulu akalembetsa kuti anayezetsa Y, zimaonekera zokha pa masamba a bambo ake, agogo ake, mpaka komwe mzere wathera.

Ndiyeno kunabwera mzere wina wokana kulowa paliponse.

Unali wa mdzukulu wa Albert Perry, munthu wakuda yemwe anabadwira mu ukapolo ku South Carolina. Achibale anangoyezetsa monga amachitira ena onse, kufuna kudziwa kwawo. Zotsatira zinafika m'manja mwa Bonnie Schrack, mayi wodzipereka yemwe ankayang'anira gulu la nthambi A, yakale kuposa zonse. Akaika apa, sizikugwirizana. Akaika apo, ayi. Wina akanangoti makina alakwitsa n'kupitirira, koma munthu wozolowera tebulo lake amadziwa kusiyanitsa cholakwika ndi chachilendo. Thomas Krahn wa ku labotale ya FamilyTreeDNA anayezanso mozama, Michael Hammer wa ku yunivesite ya Arizona analowapo, ndipo chomwe anapeza n'chakuti Y ya a Perry inapatukana ndi ya amuna ena onse odziwika nthambi zonse zija zisanaphuke. Sinali nthambi yosowa malo. Tsinde lenilenilo ndilo linayenera kusunthira pansi.

Dzina la A0 linali litaperekedwa kale kwa nthambi yomwe inkayesedwa yoyambirira, choncho anangowonjezera ziro wina: A00. Lipoti linatuluka mu 2013 mu American Journal of Human Genetics, ndipo pa mndandanda wa olemba, pakati pa madokotala a sayansi, pali dzina la Schrack. Kafukufuku wa 2011 ankati kholo la amuna onse linakhalako zaka 142,000 zapitazo. Lipoti latsopanoli linati 338,000. Asayansi ena anatsutsa n'kutsitsa chiwerengerocho kufika cha m'ma 200,000, ndipo anakangana ndithu, koma palibe anabwezera tsinde pomwe linali kale.

Banja la a Perry nalo silinabwerere chimanjamanja. Ofufuza atasanthula zoyezedwa za amuna a mu Africa pafupifupi 6,000, anapeza 11 ofanana nawo, onse a mtundu wa Mbo kumadzulo kwa Cameroon. Anthu omwe ukapolo unawafufutira dzina ndi mudzi anapeza dera loloza ndi chala. Mu 2020 asayansi ena anafalitsa zotsatira za mafupa a ana omwe anaikidwa m'phanga la Shum Laka, ku Cameroon komweko, ndipo mnyamata mmodzi wa zaka pafupifupi 8,000 zapitazo anapezeka kuti nayenso ndi wa A00.