Masiku asanu ku Dar es Salaam, podikira galimoto yochokera ku Foleshill

Ambiri a ife amene tikukhala kuno ku Coventry timaudziwa mzinda wa Dar es Salaam ngati dzina lolembedwa pa mapepala otumizira galimoto basi. Munthu amagwira ntchito usana ndi usiku, amagula galimoto yoyendapo kale, amaiperekeza ku doko la Southampton, kenaka amawerenga milungu kufikira itakocheza tsidya lina. Ifenso, pachibale pathu awiri pamodzi ndi amalume athu, tinanyamuka ku Foleshill mu Ogasiti 2023 ndi maganizo omwewa: kugona usiku umodzi, kulandira galimoto, ndi kuyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500 wopita ku Dowa, kumene abale anali atapangana kale tsiku lovundukula chiliza cha malemu mayi athu.

Zinthu sizinayende motero. Mkulu amene tinamulipira kuti ayendetse mapepala a padoko anatiphunzitsa liwu loyamba la Chiswahili, lakuti “kesho”, kutanthauza mawa. Mawa lililonse linkadya ndalama za malo ogona, linkadya masiku a tchuthi chomwe tinachita kupempha mogwada kuntchito, ndiponso linkatisendeza kufupi ndi manyazi osapezeka pa mwambo wa mayi athu omwe. Tsiku lachiwiri amalume anati, “Ana inu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamya isungeni m'thumba, tiyeni tikaone mzinda wa eni ake.”

Tinayambira ku msika wa nsomba wa Kivukoni m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Wina akanati ndi ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay, kungoti nsomba zake n'zachilendo, mphepo yake n'njamchere, ndipo sitima zikuluzikulu zonyamula katundu zimadutsa pafupi kwambiri polowa pakamwa popapatiza pa dokolo. Chilankhulo sichinatitaye kwenikweni. Nyama ndi nyama, moto ndi moto, mbuzi ndi mbuzi. Mvula iwo amati “mvua”, njira amati “njia”. Tinakwera pantoni kuwolokera ku Kigamboni, ulendo wa mphindi zochepa chabe, ndipo kumeneko amalume anatikumbutsa kuti sindife Amalawi oyamba kudikira mu mzindawu. Nduna zitasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda mu 1964, Kanyama Chiume anathawira ku Tanzania, ndipo anabwerera kwawo mu 1994. Henry Masauko Chipembere anaphunzitsa pa Kivukoni College, tsidya lomwelo la Kigamboni, asanapite ku America kumene anamwalirira mu 1975 osaionanso Mangochi. Masiku athu owerengeka aja anayamba kuchepa m'maso mwathu.

Koma chimene chinatikhazika chete chili pakati pa mzinda, pamene msewu wa Samora umazungulira chipilala cha msilikali wachikuda atagwira mfuti, mpeni wa kumphuno kwa mfutiyo utaloza kudoko. Chipilala cha Askari chimenechi chinavundukulidwa mu 1927, pamalo pamene kale panali chifanizo cha msilikali wachijeremani, Hermann von Wissmann. Chakachi chinatidabwitsa, pakuti nsanja ya ku War Memorial Park kuno ku Coventry, kumene ana athu amakasewera Loweruka, inatsegulidwanso mu 1927. Nkhondo yake ndi imodzi, ya 1914 mpaka 1918. Kuno timaimva chaka ndi chaka mu Novembala ngati nkhondo ya azungu ya ku France ndi ku Belgium, ndipo timavala duwa lofiira pachifuwa monga alendo aulemu. Ku Dar es Salaam tinaiona ili ndi nkhope yonga ya agogo athu.

M'mbali mwa tsinde la chipilalacho muli zithunzi zamkuwa, ndipo zina mwa izo si za asilikali ayi, koma za anthu osenza katundu. Awa ndiwo atengatenga. Nkhondo ya kuno ku Africa inkayenda pa mitu ya anthu, chifukwa misewu inali yochepa ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Dziko la Nyasaland lokha linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi atengatenga pafupifupi 200,000, ambiri a iwo ochita kugwidwa kudzera mwa mafumu. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi zida kudutsa m'mapiri ndi m'madambo, ndipo amene anatsala m'njira, ambiri sanaphedwe ndi mfuti koma ndi njala, kamwazi, malungo ndi chibayo. M'busa John Chilembwe anali atalemba kale kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo yosawakhudza. Patangopita miyezi iwiri anaukira boma la atsamunda.

Amalume anavula chipewa. Anatiuza kuti agogo awo aamuna anali ndi mng'ono wawo amene anatengedwa pa tengatenga ali mnyamata, ndipo kumudzi kulibe manda ake. Ife tinali tisanamvepo nkhani imeneyi, ngakhale takhala nawo amalume mumsewu umodzi ku Foleshill kwa zaka zambiri.

Kuchoka apo tinakwera bajaji kupita ku Kariakoo, dera la malonda kumene amayi ndi abambo a ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Limbe amakapikula zitenje, nsapato ndi ziwiya. Dzina lakuti Kariakoo si Chiswahili. Linachokera ku mawu achingerezi akuti Carrier Corps, gulu la atengatenga lija, lomwe linali ndi msasa pamalopa Angerezi atalanda mzindawu mu 1916. Tinamva Chichewa ndi Chitumbuka zikulankhulidwa pakati pa mabelo, ndipo anyamata ankadutsa atasenza mitolo yotalika kuposa iwo eni. Masitolo a amwenye, fungo la zokometsera ndiwo ndi nsalu zopachika pakhomo zinatikumbutsa Foleshill Road, kungoti kuno sitituluka thukuta chotere. Tinagula nsalu yoyera yophimbira chiliza, tinamwa madzi a kokonati, ndipo tinadya tchipisi chokazinga pamodzi ndi mazira, chakudya chimene mng'ono wathu akuchilakalakabe.

Galimoto inatuluka madzulo a tsiku lachisanu. Tinanyamuka kusanache, kudutsa Morogoro, kenaka nkhalango ya Mikumi kumene msewu waukulu umapyola pakati pa nyama ndipo woyendetsa wanzeru amachepetsa liwiro. Tinakwera phiri la Kitonga kumbuyo kwa mathiraki otopa, tinagona kufupi ndi Mbeya, ndipo m'mawa mwake tinatsika kudutsa minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu mpaka pa chipata cha Songwe, pamene mapepala anatidyeranso maola ambiri. Ku Karonga, kumene Angerezi ndi Ajeremani anamenyana mu Sepitembala 1914, amalume anapempha kuti tiime pang'ono m'mbali mwa nyanja, ndipo sitinawafunse chifukwa.

Ku Dowa tinafika usiku wa Lachisanu, amayi a kumudzi akusinja kale chimera cha thobwa la mawa lake. Pa mwambowo, atatha kulankhula za mlongo wawo, amalume anatchulanso dzina la mnyamata wa tengatenga uja pamaso pa a mfumu, ndipo agogo ena aakazi amene anakhala kumbuyo anayankha kuti dzinalo analimvapo ali mwana.