Ndani adzafufuze za ululu wa agogo a ku Mecanhelas?

Njanji yochokera ku Cuamba ikafika pa Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, imakhala yatsala pang'ono kulowa m'Malawi pa Nayuchi. Kuchoka apo imawoloka Shire pa Liwonde n'kukafika ku Nkaya, m'boma la Balaka. Ku Balaka komweko, ndiponso ku Mchinji ndi ku Rumphi, akatswiri a yunivesite ya Pennsylvania pamodzi ndi anzawo a m'Malawi akhala akutsata umoyo wa mabanja akumudzi kuyambira 1998. Mu 2012 anapatula gulu la anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo, ndipo amabwererako kukawayeza BP, mphamvu za m'manja, kukumbukira zinthu ndi nkhawa za mumtima.

Agogo a ku Insaca, a ku Chiuta ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amadya nsima ndi matemba ngati anzawo a ku Machinga, ndipo ambiri amalankhula Chinyanja chomwechi. Nawonso akuyenera kufufuzidwa chimodzimodzi. Amenewa ndi anthu aja anathawa nkhondo imene inatha mu 1992, ena n'kukakhala zaka m'Malawi, kenaka anabwerera kudzayamba ndi khasu lokha. Ambiri anaika ana awo m'manda nthawi ya Edzi, n'kulera zidzukulu. Lero mawondo akana, maso achita khungu, ena afa ziwalo.

Malamulo alipo. Mozambique inakhazikitsa lamulo nambala 3 la 2014 loteteza ufulu wa okalamba, ndipo bungwe la boma la INAS limapereka kandalama kothandizira okalamba osauka. Dziko lomweli lili ndi ndondomeko ya palliative care kuyambira 2012. Chimenechi ndi chisamaliro cha munthu amene matenda ake sangachiritsike: kuletsa ululu, kutsuka zilonda, kumuuza zoona mwaulemu, ndi kulimbikitsa omudwazika. Koma lamulo silitembenuza wodwala pamphasa. Adokotala akanena kuti mupite naye kunyumba, ntchito yonse imagwera mwana wamkazi kapena mdzukulu, ndipo kawirikawiri mankhwala amene ali nawo ndi panado basi.

Pamenepa ndi pamene pakufunika wofufuza. Mwana wa ku Mecanhelas amene angafune ntchitoyi ali ndi anthu owayang'ana.

Dokotala Emília Pinto, wa chigawo choona za ululu pachipatala chachikulu cha Maputo, anagwirizana ndi akatswiri a yunivesite ya Porto, ndipo mu 2020 anatulutsa kafukufuku wa zimene madokotala a ku Mozambique amadziwa pa chisamalirochi. Anaonetsa kuti maphunziro ake ndi operewera. Kennedy Nkhoma, Mmalawi amene anayamba ngati namwino, anachita PhD ku Nottingham poyesa ngati kuphunzitsa odwala Edzi ndi owadwazika kungachepetse ululu, ndipo pambuyo pake anakagwira ntchito ku Cicely Saunders Institute ya King's College London. Dokotala Jane Bates, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku kiliniki ya Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, anafunsa funso limene mayi aliyense wodwazika amalidziwa: kodi khansa ikalowa pakhomo imadya chuma chochuluka bwanji? Zotsatira zake zinatuluka mu 2021 m'magazini ya Lancet Global Health, ndipo zinaonetsa mabanja akukongola ndi kugulitsa katundu pofunafuna thandizo.

Onsewa anayambira pabedi la wodwala, digiri yapamwamba inadza pambuyo. Ndi mmenenso anachitira Anne Merriman, dokotala wa matenda a okalamba amene anayambitsa Hospice Africa ku Uganda mu 1993. Iye analimbikira mofini wakumwa, wosungunula m'madzi, wotsika mtengo, woti munthu n'kumwera kunyumba. Mu 2004 Uganda inalola anamwino ophunzitsidwa bwino kulembera odwala mankhwalawa. Kwa boma lakutali ngati Mecanhelas, kumene wodwala amayamba waonana ndi namwino asanaone dokotala, nkhani ya Uganda ndi yofunika kuiphunzira mofatsa.

Njira yofikira pa ntchito ya wofufuzayo ndi yaitali, tisanamizane. Wophunzira akamaliza décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, ayenera kuchoka kwawo. Sukulu ya zaumoyo ya Universidade Lúrio ili ku Nampula, ya udokotala ya Universidade Católica ili ku Beira, ndipo Eduardo Mondlane ili ku Maputo. Kutsidya kuno ku Malawi kuli Kamuzu University of Health Sciences, kumene palliative care imaphunzitsidwa, koma m'Chingerezi, pamene iye anaphunzira m'Chipwitikizi. Akamaliza, pakufunika masters, PhD, womulangiza wodziwa nkhaniyi, ndi ndalama za kafukufuku, zimene zambiri zimachokera kunja ndipo zakhala zikulunjika ku malungo, Edzi, TB ndi uchembere. Okalamba amabwera kumapeto kwa mndandanda.

Komabe mwana ameneyu ali ndi chuma chimene pulofesa wa ku London alibe. Amamva Chimakua, Chinyanja ndi Chipwitikizi. Amadziwa kuti gogo akati thupi lonse likuphwanya, mawuwo angabise njala, chisoni kapena mantha oti anthu ayamba kumuloza zala. Mantha amenewo si nthano: mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Gogo woiwalaiwala, woyenda usiku osadziwa kumene akupita, ndi wodwala wofunika chisamaliro, koma pamene palibe wofotokoza matendawa m'chilankhulo cha anthu, amasanduka mfiti. Mwana uja amadziwanso amene amagamula pabanja la chikamwini matenda akafika pa kayakaya, ndi kuti mwinimbumba akapanda kuvomera, wodwala sakwera njinga yopita ku Cuamba.

Mu 2014 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti chisamaliro cha palliative care chikhale mbali ya ntchito zaumoyo m'dziko lililonse, kufikira kumidzi. Unduna wa zaumoyo sungagule mofini wokwanira ngati sukudziwa kuti odwala ali angati ndipo ali kuti. Universidade Lúrio ili kale ndi pologalamu yolumikiza wophunzira aliyense wa zaumoyo ndi banja limodzi. Akuluakulu a yunivesiteyi ndi a zaumoyo ku Lichinga, likulu la Niassa, itambasuleni ifike kum'mwera kwa Niassa, muyambe ndi makomo amene muli nkhalamba zodwala. Gwirizanani ndi anzanu a ku Blantyre, ndipo patulani thandizo la maphunziro la namwino wa ku Mecanhelas amene akufuna kufika pa PhD.