Kompyuta imagawa nthawi

Kompyuta imagwira nchito zambiri. Imaimba nyimbo. Imaonetsa zithunzi. Imalemba mawu.

M'kati mwa kompyuta muli kacipangizo kakang'ono. Dzina lake ndi purosesa. Purosesa ili ngati mjigo wa pamudzi. Pamjigo ndowa zimaima pamzere, ndipo madzi amalowa m'ndowa imodzi imodzi. Nchito nazo zimaima pamzere kudikira purosesa.

Ndani amayang'anira mzerewo? Ndi pulogalamu ina. Dzina lake ndi kernel. Kernel ili ngati kapitawo. Imauza nchito iliyonse nthawi yolowa ndi nthawi yocoka.

Kernel yodziwika kwambiri ndi Linux. Anaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland m'caka ca 1991. Mafoni a Android amayenda ndi Linux.

Nchito zina ndi zacangu. Sizingathe kudikira. Nyimbo ikadikira, mawu ake amadukaduka. Conco kernel imalola nchito zacangu kupita patsogolo pa mzere.

Koma nchito yacangu ikhoza kusokonezeka, n'kukana kucoka pa purosesa. Zikatero nchito zina zonse zimaima. Munthu amadina batani, kompyuta siyankha. Iye sangathe ngakhale kuimitsa nchito yosokonezekayo.

M'caka ca 2008 anthu okonza Linux anaika malire. Sekondi imodzi ikagawidwa m'magawo 20, nchito zacangu zinkatenga magawo 19 okha. Gawo limodzi linkatsalira nchito zina. Gawoli ndi laling'ono, koma limapatsa munthu mpata woimitsa nchito yosokonezeka.

Panali vuto limodzi. Nthawi zina pamzere panalibe nchito ina yodikira. Gawo lija linkangopita pacabe, ngati madzi otayikira pansi.

M'caka ca 2024 anthuwo anasintha njira. Tsopano ngati palibe nchito ina yodikira, nchito zacangu zikhoza kutenga magawo onse 20. Ngati ilipo, kernel imaipatsa gawo lake limodzi. Wacangu amatunga madzi poyamba, koma wa kumapeto kwa mzere sabwerera ndi ndowa youma.

Mafunso

1. Kodi purosesa ikufanana ndi ciyani pamudzi?
2. N'cifukwa ciyani nyimbo singathe kudikira?
3. Pa magawo 20 pakacoka magawo 19, patsala angati?
4. Cingacitike n'ciyani munthu mmodzi akakana kucoka pamjigo?